Zithunzi za mbalame za m'matope zikutuluka zambuu

WaKuZomba: Akuluakulu, thandizeni. Ndikujambula timbalame ta miyendo yaitali m'matope a Nyanja ya Chilwa ndi lens ya 150-600mm, koma zithunzi zikutuluka zambuu. Vuto n'chiyani?

Chojambulira: Mumajambula nthawi yanji, achimwene? Dzuwa likakwera, matope amatulutsa mpweya wotentha umene umanjenjemeretsa chithunzi, ndipo pa 600mm palibe setting yokonza zimenezo. Yambani m'bandakucha, ikamakwana 8 koloko longedzani. Dzuwa likhale kumsana kwanu.

MaiMbalame: Onaninso shutter (liwiro limene kamera imatsegula ndi kutseka pojambula). Timbalame timeneti timajompha mwaliwiro, ndiye isatsike pa 1/1600 ya sekondi, tikauluka, 1/2500. Aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lens) ikhale f/8, poti ma lens amenewa amafooka mukawatsegula mpaka f/6.3. ISO (mmene kamera imamvera kuwala) isiyeni pa Auto. Ikani AF-C (focus yotsatira mbalame ikamayenda), kadontho kamodzi ka focus padiso; mukasankha timadontho tambiri, kamera imagwira matope a kutsogolo.

Chojambulira: Komanso musaimirire. Yalani pulasitiki, gonani chafufumimba, lens pakathumba ka mchenga. Mukakhala phee mphindi 20, timayandikira tokha. Akakowa oyera aja, tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi) ndi -2/3 kuti nthenga zisapsere ndi kuwala. M'madzimo valani magambutsi, likodzo silisewera.