Amayi ayamba kuiwala ndi ine ndemwe, kodi mankhwala atsopano aja ndi oona?

NaPhiri wa ku Dedza:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 76. Zinayamba ndi kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kusiya mphika pamoto n'kupita kudimba. Pano amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Mwezi watha anatuluka usiku, anthu n'kukawapeza m'bandakucha pafupi ndi manda. Kuchokera tsiku limenelo ana a m'mudzi sapondanso pakhomo pathu, ndipo manong'onong'o akuti amatamba andifika. Kuchipatala chaching'ono anangoti ndi ukalamba, n'kutipatsa panado. Achimwene ali ku Joni akuti ku America kwapezeka mankhwala, akufuna kugulitsa poloti. Ndiwayankhe chiyani?

Mlongo wa ku Leeds:
Pepani achemwali. Auzeni achimwene poloti asagulitse. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuno. Mankhwalawo alipodi: lecanemab anavomerezedwa ku America mu 2023, donanemab mu 2024. Koma sachiritsa. Pa kafukufuku wa miyezi 18, lecanemab anangochedwetsa kulowa pansi kwa wodwala ndi 27 peresenti, komanso ndi kwa okhawo amene Alzheimer's, matenda a ubongo oiwalitsa, yangoyamba kumene. Poyamba lecanemab amaperekedwa pa diripi masabata awiri alionse, ndipo mutu umayenera kujambulidwa ndi makina a MRI oona m'kati mwa ubongo pafupipafupi chifukwa ena ubongo umatupa kapena kukha magazi. Mtengo wake unali madola 26,500 pachaka. Ngakhale kuno ku Britain, bungwe lounika mankhwala la NICE linakana kuti zipatala za boma ziziwalipira. Mmene mwafotokozeramu, amayi anadutsa kale pamene angathandize.

Kilinikala wa m'boma:
Mawu akuti "ndi ukalamba" musawalandire. Pitani nawo kuchipatala chachikulu cha boma lanu, mupemphe kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo. Awayeze BP, shuga, HIV, chindoko, kuchepa kwa magazi, ndi chithokomiro ngati n'kotheka. Zina mwa izi zimasokoneza mutu koma zimachizika. Akafuna kukutumizani, kuli zipatala za matenda a maganizo za Zomba Mental ndi St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Funsaninso za donepezil, mankhwala akale amene ena amawapepukitsako kwa kanthawi.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati oposa 60 peresenti ya odwala dementia, matenda oiwalaiwalawa, ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, koma kafukufuku wambiri amachitikira kwa azungu. Ngakhale mayeso ake amauza munthu kuti ajambule wotchi. Gogo amene sanagwirepo pensulo alephera ndithu, ngakhale mutu wake uli bwinobwino.

Bambo a Chisomo:
Mayi, ine ndinasamalira bambo anga zaka zinayi. Musanathamangire mankhwala, thamangirani kwa amfumu. Mukukumbukira za ku Neno mu 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti? Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Tengani kalata ya kuchipatala, amfumu aiwerenge pamsonkhano, abusa kapena ashehe anenenso kwa anthu awo. Anthu akamva kuti ndi matenda a ubongo, mitima imakhala pansi.

Pakhomo, mangani kabelu kuchitseko. Sokererani nambala ya foni pa chitenje chawo. Masana aziyenda, azitongola chimanga, azisankha nyemba, kuti usiku agone. Akakutchulani dzina la malemu, ingovomerani. Ine ndinkawauza bambo kuti amayi anamwalira, iwo n'kumalira maliro atsopano tsiku lililonse, mpaka ndinasiya. Nyimbo zakutchalitchi ankaimba osaphonya liwu mpaka kumapeto.

Ndalama za achimwenewo zizilipira munthu wokusinthani masiku awiri pa sabata. Inunso mufunika tulo, ine ndinadwala BP chifukwa chosenza ndekha.

NaPhiri wa ku Dedza:
Zikomo nonse, misozi yatuluka ndikuwerenga. Lachiwiri tilawirira kuchipatala cha boma, Loweruka malume andiperekeza kwa amfumu. Dzulo madzulo ananditchulanso dzina la amayi aang'ono, ine n'kuti "wee", ndipo anandipempha kuti ndiwaluke tsitsi.