Jakisoni wa mafupa wa tsiku ndi tsiku: ndipita naye bwanji kumudzi, nanga ntchito ikatha?

Nachisale, Leeds

Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 57, ndinabwera kuno ku UK mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Nyamakazi ndinachoka nayo kwathu, ndipo prednisolone ndamwa kwa zaka zambiri, chifukwa popanda iyeyo m'mawa zala zanga zinkakanika ngakhale kumanga chitenje. Sindinkadziwa kuti mapilitsi omwewo akudya mafupa mwakachetechete.

Mu Febuluwale ndinkawatembenuza agogo ena pabedi kuti ndiwasinthe zofunda. Sindinagwe, kuwanyamula n'komwe sindinawanyamule. Ndinangomva kumsana kuti thyo, mpweya n'kubanika. Atandijambula anapeza mafupa awiri a msana ataphwanyika, ndi lachitatu lomwe linaphwanyika kalekale ine osadziwa. Sikani yopima kulimba kwa mafupa, ya DXA, inatulutsa -4.1, pamene adokotala akuti matenda ofooketsa mafupa, a osteoporosis, amayambira pa -2.5 kutsika m'munsi. Atandionetsa chithunzi cha fupa lotere ndinakumbukira nsungwi yofumbwa, kunja yosalala bwinobwino, m'kati ufa wokhawokha. Ndafupika, madiresi anga atalika okha.

Anayamba kundipatsa alendronate, pilitsi la kamodzi pa sabata lija, koma chilungulira chake chinandikanika. Ndiye anandiika pa teriparatide, jakisoni womanga mafupa. Ndimadzibaya ndekha pantchafu kapena pamimba, mamaikilogalamu 20 tsiku lililonse, peni imodzi yobayira imatha masiku 28, ndipo akuti ndichite zimenezi miyezi 24. Pano ndili mwezi wachitatu. M'nyumba muno timakhala anthu asanu pa firiji imodzi, choncho peniyo ndimaisunga m'kakontena kolembedwa dzina langa, kutali ndi kumbuyo kwa firiji kumene kumaundana.

Zondisowetsa tulo zilipo ziwiri. Mwana wanga wamkazi akumanga ukwati mu Disembala ku Dedza, ndipo ndimafuna ndikakhale milungu isanu. Kumudzi kwathu magetsi kulibe. Alipo anayendapo nawo mankhwalawa mpaka kwathu?

Chachiwiricho ndiye chachikulu. Panopa sindilipira, NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo kuno, ndi imene ikulipira, ndipo viza yathu ya osamalira odwala ilibe ndalama ya zaumoyo imene ena amapereka chaka ndi chaka. Koma vizayo yamangirira pa ntchito, ndipo ntchitoyo ndi yowerama, kukoka ndi kutembenuza anthu. Ikangotha ndili ndi masiku 60 oti ndipeze abwana ena ondiimira. Ndinaona mtengo wa Forsteo, dzina lamalonda la jakisoniyu, pafupifupi £272 peni imodzi. Miyezi 24 ndi mapeni 26, ndiye kuti kuposa £7,000. Ine amene ndikulipirira ana awiri a malemu mchimwene wanga sukulu, ndalama yotero ndingaitenge kuti? Kuntchito sindinaulule zonse, ndinangoti msana ukuwawa. Ndagwira njakata, ndithandizeni nzeru.

NaJere, Nottingham

Pepani achemwali. Ine ndili ndi zaka 66, miyezi 24 imeneyo ndinaimaliza chaka chatha, ndipo kwathu ku Ntcheu ndinapita nawo kawiri. Zimatheka, bola kukonzekera kudakali nthawi.

Aimbireni okubweretserani mankhwala aja mwezi umodzi usanakwane ulendo, akupatseni mapeni awiri ndi singano zokwanira, ndipo adokotala akulembereni kalata yoonetsa pabwalo la ndege. Mankhwalawa musawaike m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Kumeneko angaundane, ndipo akangoundana ndi otaya, ngakhale asungunuke n'kuoneka bwino. Ine ndinagula kachikwama kozizira, mapeniwo ndinkawakulunga m'kathaulo kuti asakhudzane ndi ayezi, n'kukanyamula m'manja mpaka pa Addis Ababa, mpaka ku Lilongwe. Amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, choncho gulaninso kathemomita kakang'ono, n'kotchipa.

Kumudzi sindinkagona nawo. Ndinkagona kwa mlamu wanga paboma, kumudzi n'kumapita masana. Magetsi akazima tinkangouza ana kuti firiji asatsegule mpaka ayake. Tsiku lina tinachedwa kumaliro, ndinagona konko osabaya. Mawa lake ndinabaya kamodzi basi monga mwa masiku onse. Musamabaye kawiri kuti mubwezere la dzulo.

Chizungulire chimakuvutani? Ine masiku oyamba ndikabaya n'kuimirira msanga, m'maso munkada. Ndinasintha, ndinayamba kubaya usiku nditakhala pabedi, kenako n'kugona. Miyendo inkakokananso koma zinatha zokha.

China chomwe anthu sachimvetsa: mukamaliza simungosiya n'kumati ndachira. Fupa lomwe mwamangalo limayamba kuchoka ngati simulandira mankhwala olisunga. Ine anandiika dilipi ya zoledronic acid, ya kamodzi pachaka. Anandituma kaye kwa dokotala wa mano, ndipo nditalandira ndinamva ngati malungo masiku awiri. Chiyambireni jakisoni uja sindinathyokenso, ndipo zovala ndimayanika ndekha.

Mbewe, Johannesburg

Mayi, zaku UK ndisiyire eni ake, ine ndingokuuzani mmene zinatikhalira kuno ndi akazi anga, poti mwafunsa za ndalama. Iwo anasiya kusamba ali ndi zaka 41, ndipo pofika 55 anali atathyoka dzanja ndi msana. Katswiri anatilembera teriparatide yemweyo. Ine ndimadulidwa medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, mwezi uliwonse, ndinkangoti alipira. Anakana. Anandiuza kuti osteoporosis mulibe mu mndandanda wa matenda okhalitsa amene lamulo limawakakamiza kulipira, ndipo pulani yathu siifika pamenepo.

Tinagula ndi ndalama za m'thumba miyezi inayi. Mwezi wachisanu ndinagulitsa njerwa zomwe ndinaumbitsa ku Kasungu kuti tidzamangire nyumba. Wachisanu ndi chimodzi tinalephera. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinkachita manyazi kumuuza dokotala kuti ndalama zatithera, moti akazi anga anakhala miyezi itatu opanda mankhwala aliwonse. Tsiku lomwe ndinalimba mtima n'kunena, sanadabwe n'komwe. Anawasinthira ku dilipi ya pachaka ija anena mayi a ku Nottingham, yomwe tikukwanitsa.

Ndiye inu musadikire kuti ntchito ithe kaye. Afunseni adokotala anu panopa kuti, zitavuta n'kubwerera kwathu ndisanamalize, ndidzapitirize ndi chiyani? Akulembereni papepala, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, mudzayende nalo.

Nesi wa ku Glasgow

Anti, ine ndikuopa kwambiri zoti kuntchito simunanene. Mafupa atatu a msana ndi ambiri, ndipo lina likaphwanyika, mwayi woti linanso litsatire umakula. Jakisoniyo akumanga, koma amamanga pang'onopang'ono, sangapikisane ndi kuwerama mutagwira munthu wamkulu kasanu pa usiku umodzi.

Pitani kwa GP wanu, dokotala wa kudera kwanu, akulembereni fit note, kalata yopita nayo kuntchito. Sikuti imangonena kuti munthu akhale pakhomo ayi, ali ndi malo olembapo kuti mutha kugwira ntchito koma yosinthidwa. Lamulo la Equality Act la 2010 limati munthu amene ali ndi matenda okhalitsa omulepheretsa zina pa moyo wa tsiku ndi tsiku, abwana ayenera kumusinthira zomwe zingatheke. Nyamakazi yanu ndi msanawo zikhoza kulowa mmenemo. Pemphani kuonana ndi a occupational health, oona za umoyo wa anthu pantchito, ndipo zonse muzilemba pa imelo, osati kungolankhula m'khonde. Ngati muli mu yuniyoni ngati UNISON, musakalowe nokha mu ofesi. A Royal Osteoporosis Society alinso ndi manesi oyankha mafunso pafoni kwaulere.

Za kusintha mankhwala, ulipo jakisoni wina womanga mafupa, romosozumab, wa kamodzi pamwezi kwa miyezi 12, koma sapatsa munthu amene anadwalapo sitiroko kapena mtima unagwidwapo. Woti muchenjere naye ngati mukuganiza zodzabwerera kumudzi ndi denosumab, amene ambiri amamudziwa kuti Prolia. Ndi wabwino, amabaya miyezi 6 iliyonse, koma ukamuchedwetsa kapena kumusiya popanda wolowa m'malo, mafupa a msana amatha kuphwanyika angapo nthawi imodzi. Muwauze adokotala za ganizo lobwererali asanakusankhireni.

Nankhoma, Zomba

Ndawerenga misozi ili m'maso. Amayi anga anaterereka kubafa, pongogwa chokhala, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anagona m'chipatala milungu yambiri mwendo atawukoka ndi cholemera, anatuluka ndi zilonda kumsana, ndipo sanayendenso. Kwa zaka tinkawaona akupindika, akufupika, ife n'kumangoti ndi ukalamba. Mafupa awo sanapimidwepo.

Mayi, mwayi mwaupezawu augwireni ndi manja awiri. Ukwati ndi tsiku limodzi, milungu isanu ikavuta bwerani iwiri, mwana wanu amvetsa. Ndipo mukafika musakwere minibasi ndi msana umenewo, kapena kabaza wa njinga yamoto, wina akakutengeni pagalimoto. Usipa ndi matemba tikusungirani, muzikadya ndi minga yomwe.

Nachisale, Leeds

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Pepani a Nankhoma ndi za amayi. Bambo Mbewe, nkhani ya njerwa yandikhudza, ndipo funso lanu ndalilemba kale m'kabuku kanga kuti ndikafunse pa 14 ndikakaonana ndi katswiri.

Dzulo ndinalimba mtima ndinawalembera amanejala imelo, ndinatchula dzina la matendawa ndi mafupa atatuwo. Manja ankanjenjemera potumiza. Ayankha kuti tikumane Lachinayi, ndipo mnzanga wa ku Zimbabwe amene ali mu yuniyoni wavomera kundiperekeza. Sabata ino andichotsa kaye ku mbali ya agogo osadzuka, ndikugawa chakudya ndi kuwayendetsa amene amatha kuyenda. Maola achepa, ndiye ya fizi mwezi uno iperewera, ndawauza kale alamu anga kuti akapemphe kusukulu atidikire.

Ulendo ndaudula, ndikhala milungu itatu, ndizikagona paboma kwa mphwanga. A NaJere, kachikwama kanu kanasunga kuzizira maola angati? Ndege yanga ikuima pa Addis Ababa kuyambira m'mawa, ndipo kuchoka pakhomo pano mpaka kukafika ku Dedza ndawerenga maola opitirira 20.