Thandizeni: aliyense ndi admin pa cluster yathu, ndigawe bwanji mphamvuzi?

Moni nonse a pagulu pano. Andipatsa udindo woyang'anira cluster ya Kubernetes ya kuntchito (gulu la makompyuta oyendetsa mapulogalamu athu), yomwe ili pa EKS, Kubernetes yoyendetsedwa ndi Amazon (AWS), ndipo zimene ndapezamo zikundisowetsa mtendere. Aliyense, kuyambira olemba mapulogalamu mpaka mnyamata wongobwera kudzaphunzira ntchito, anamuika m'gulu la system:masters, lomwe lili ndi mphamvu zonse, mu aws-auth ConfigMap, fayilo yonena amene aloledwa kulowa mu cluster. Ndiye kuti aliyense akhoza kufufuta namespace yonse (chigawo cha cluster) ndi lamulo limodzi, kapena kuwerenga ma Secret momwe muli mapasiwedi a database ya makasitomala. Posachedwapa mnzathu wina amafuna kuchotsa deployment (pulogalamu yoikidwa pa cluster) yoyeserera, osadziwa kuti kubectl yake, chida chotumizira malamulo ku cluster, ikuloza ku production, komwe kuli tsamba lenileni la makasitomala. Tsamba lathu linazima mpaka titaibwezeretsa.

Ndikufuna gulu lililonse lizigwira mu namespace yake basi. Kodi olemba mapulogalamu ndiwapatse chilolezo cha edit kapena cha admin? Nanga wina amene anasiya ntchito, kubeconfig (fayilo yolowera mu cluster) ikadali pa laputopu yake, ndimutsekera bwanji? Chimene ndikuopa kwambiri ndi kudzitsekera kunja ndekha pokonza aws-auth, chifukwa fayilo imeneyi ukalakwitsa mpata umodzi wokha, anthu akhoza kulephera kulowa.

Woyankha woyamba:
Akulu, yambani ndi system:masters. Gulu limeneli silidutsa n'komwe mu RBAC, dongosolo la Kubernetes logawira zilolezo, choncho ngakhale mulembe ma Role (mindandanda ya zilolezo) abwino chotani, amene ali mmenemo sakhudzidwa. Komanso RBAC imangowonjezera chilolezo, ilibe lamulo lokaniza. Simungapatse munthu zonse kenako n'kumuletsa ma Secret okha. Mumayamba wopanda kanthu n'kumawonjezera zimene akufunikira.

Pa edit ndi admin, kusiyana kwake n'kwakuti admin amatha kupanga Role ndi RoleBinding (yopatsira munthu Role) mu namespace, kutanthauza kuti atha kulowetsamo anthu ena. Edit sangatero. Koma musanyengedwe, edit amawerenga ma Secret, ndipo amatha kuyendetsa pod (pulogalamu yoyenda mu cluster) pogwiritsa ntchito ServiceAccount (akaunti ya mapulogalamu, osati ya anthu) iliyonse ya mu namespace imeneyo. Ine ndimapereka edit kumalo oyeserera, ndipo ku production view yokha, yongoonera, yomwe siona ma Secret. Zopita ku production zizidutsa mu pipeline, makina otumiza okha mapulogalamu, osati pa laputopu ya munthu. Gwiritsani RoleBinding, osati ClusterRoleBinding, apo ayi chilolezocho chifalikira cluster yonse.

Woyankha wachiwiri:
Za wosiya ntchitoyo, onani kaye kuti kubeconfig yakeyo ili ndi chiyani. Ngati imatenga token (kiyi yolowera) kudzera ku IAM, dongosolo la ma akaunti a AWS, mukangotseka akaunti yake ya IAM, zatha. Koma ngati wina anamupangira token ya ServiceAccount yosatha n'kuimata mufayilomo, ikugwirabe ntchito mpaka mutafufuta Secret yakeyo. Kuyambira Kubernetes 1.24 ma token oterewa sapangidwanso okha, koma akale alipobe m'ma cluster ambiri.

Za aws-auth, kuyambira kumapeto kwa 2023 EKS ili ndi access entries, njira ina yolowetsera anthu mu cluster, zomwe mumakonza kudzera mu API ya AWS, osati mkati mwa cluster. Ikani authentication mode pa API_AND_CONFIG_MAP, mudzipangire access entry yanu kaye, muone kuti ikulowa, kenako muyambe kuchotsa anthu mmodzimmodzi. Dziwani kuti mukasintha mode imeneyi simungabwererenso ku CONFIG_MAP yokha. Musanauze aliyense kuti zakonzeka, yesani kubectl auth can-i --list, mutaikamo --as ndi --as-group za munthuyo, muone zimene angathe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula maso pa za edit, ine ndimaiyesa yopanda vuto. Funso latsala ndi ili: pakabuka vuto usiku ku production, amene ali pa ntchito ali ndi view yokha, mumatani? Mumasunga IAM role imodzi yamphamvu yoti munthu aitenge kwa kanthawi n'kuonekera mu CloudTrail, momwe AWS imalemba zochita za aliyense, kapena mumadzutsa admin nthawi zonse? Ma admin tilipo awiri okha.