Kufufuta tattoo ndi laser pakhungu lakuda: ndiyembekezere zotani?

Kachere

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi tattoo pamkono wakumanzere, m'munsi mwa chigongono: dzina lolembedwa ndi inki yakuda, pambali pake kamtima kofiira. M'litali ndi masentimita 8, m'lifupi 4, ndipo inajambulidwa ndi makina zaka 6 zapitazo. Ndikufuna ichoke. Khungu langa ndi lakuda bii, ndiye ena akundiopseza kuti laser imasiya chigamba choyera chonyansa kuposa tattoo yomweyo. Ena akuti ulendo umodzi wokha imatheratu. Zoona zake n'ziti? Ndikafunse chiyani ndisanapereke ndalama, ndipo bala lake amalisamala bwanji?

Nkhwazi

Achimwene, za ulendo umodzizo iwalani. Mukamva mmene laser imagwirira ntchito muona nokha chifukwa chake.

Singano ya wojambula imasiya inki m'kati mwa khungu, milimita 1 kapena 2 kuchokera pamwamba. Kumeneko maselo oteteza thupi amaimeza, koma tizibulumwa take timakhala tatikulu moti satha kutichotsapo, ndiye amangokhala nato pomwepo zaka ndi zaka. Laser imaponya kuwala kwamphamvu m'kanthawi kochepetsetsa, kamene amakayeza m'ma nanosecond, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Inki imatentha mwadzidzidzi n'kusweka, mnofu woizungulira usanapse. Tizidutswa tosweka tija thupi limatikokolola pang'onopang'ono kupita ku anabere, kwa inuyo a m'khwapa. Kukokolola kumeneku kumatenga masabata, ndipo ulendo uliwonse laser imangoswa inki imene ili pamwamba, yapansi n'kumadikira ulendo wina.

Tsono vuto la ife akhungu lakuda nali. Chimene chimadetsa khungu lathu, melanin, nachonso chimamwa kuwala ngati inki. Laser ikalakwika mtundu, imawononga maselo opanga melanin, ndipo chigamba choyera chimene akukuopsezani nachocho chimabwera motero. Sananame anthuwo, koma chigambacho nthawi zambiri chimapeweka.

Funso loyamba pachipatalapo likhale lakuti: makina anu amatulutsa kuwala kwa ma nanometer angati? Nanometer ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwalako. Yankho limene mukufuna ndi 1064, makina a Nd:YAG. Kuwala kumeneku kumalowa mozama, melanin sakumwa kwambiri, koma inki yakuda imakumwa bwino. Makina a ruby a 694 ndi a alexandrite a 755 amathandiza pa inki yobiriwira ndi yabuluu pakhungu loyera, koma pakhungu ngati lanu ndi amene amasiya zigamba. Musatengeke ndi mawu akuti "pico". Makina a picosecond amaponya kuwala mwachangu kuposa akale a ma nanosecond aja, otchedwa Q-switched, ndipo amaswa inki bwino, inde, koma mtundu wa makinawa wotchedwa PicoSure mphamvu yake yeniyeni ili pa 755, pamene wina wotchedwa PicoWay uli nayo 1064. Q-switched Nd:YAG yakale m'manja mwa munthu wodziwa khungu lakuda ndi yabwino kwa inu kuposa pico ya 755.

Dzina lakudalo silindidetsa nkhawa. Kamtima kofiirako ndiye nkhani. Inki yofiira siimva 1064, imafuna 532, ndipo 532 ndi kuwala kumene melanin amakumwa kwambiri pa mitundu yonse inayi. Wodziwa ntchito amayamba ndi zakuda, zofiira n'kuzisiya kaye, kenako n'kuyesa 532 ndi mphamvu yochepa pakamalo kakang'ono m'mphepete. Ngati khungu layera pamenepo, amakuuzani poyera kuti kamtimako n'kwabwino kukasiya kapena kukaphimba ndi chojambula china.

Onetsetsaninso ngati m'kamtimamo munaikidwa inki yoyera kapena yapinki yowalitsira. Inki zoterezi nthawi zambiri zimakhala ndi titanium dioxide kapena iron oxide, ndipo laser ikazigunda zimatha kusanduka zakuda kapena zotuwa nthawi yomweyo. Kuda kumeneko kumavuta kuchotsa.

Choncho musalole kuti tsiku loyamba awombe tattoo yonse. Ayese kaye kadera ngati chikhadabo, pakuda ndi pofiira payekhapayekha, mudikire masabata 6 mpaka 8 muone mmene khungu layankhira. Munthu amene akukana kuyesa, kapena alibe zithunzi za anthu akuda amene anawathandizapo, msiyeni. Pa muyeso wa Fitzpatrick umene madokotala a khungu amagwiritsa ntchito, inuyo muli pa 5 kapena 6, ndipo pakhungu lotere amayamba ndi diso lalikulu la kuwala (kadontho ka kuwala kogunda khungu), milimita 6 mpaka 8, mphamvu ili pansi, n'kumaikweza inki ikamachepa.

Nthudza

A Nkhwazi afotokoza bwino za makina. Ine ndiwonjezere za tsikulo ndi za bala, chifukwa zipsera zambiri zimayambira kunyumba.

Musanayambe muwauze zonse izi ngati zilipo: matenda a shuga, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, mankhwala a ziphuphu a isotretinoin, ndi chipsera chilichonse chimene chinatupa n'kupitirira malire a bala, chimene amati keloid. Kwa amayi, oyembekezera amauzidwa kuti adikire. Ngati pamkonopo mumadzolapo mafuta oyeretsa khungu, siyani ndipo munene, chifukwa ambiri mwa mafutawa ali ndi mankhwala opyapyalitsa khungu, bala silipola msanga. Chinanso chofunika kwambiri: ngati kamtima kofiirako kamayabwa kapena kutukumuka nthawi zina, ndiye kuti thupi lanu silinagwirizane ndi inkiyo. Kuiswa ndi laser kukhoza kufalitsa vutolo thupi lonse, ndiye pamenepo pakufunika dokotala wa khungu aone kaye. Chimodzimodzi ngati pansi pa tattoo pali kadontho kakuda kamene kakukula kapena kusintha maonekedwe.

Tsikulo metani ubweya pamalopo, musadzolepo kanthu. Ululu wake uli ngati mafuta otentha akamakuthovukirani pokazinga mandasi, kobwerezabwereza mofulumira. Ochititsa dzanzi alipo: kirimu wa lidocaine ndi prilocaine monga EMLA amapakidwa mochindikala, n'kukulunga ndi pulasitiki yopyapyala kwa ola limodzi, kenako n'kupukuta bwinobwino asanayambe. Pa tattoo ya masentimita 8 palibe vuto, koma kirimuyu sapakidwa msana wonse kapena mwendo wonse nthawi imodzi chifukwa akachuluka amalowa m'magazi. Zipatala zina zimauzira mphepo yozizira pakhungu pamene akuwomba. Magalasi oteteza maso avale aliyense amene ali m'chipindamo, ndipo akhale ogwirizana ndi kuwala kwa makinawo. Magalasi a dzuwa sateteza kanthu.

Kuwomba kwenikweni pa tattoo ngati yanu sikudutsa mphindi 5. Mumva kuthetheka ngati mbuliwuli, ndipo paliponse pamene kuwala kwagunda inki pamasanduka mbuu, ngati mwawazapo ufa woyera. Umenewo ndi mpweya wotuluka m'khungu inki ikasweka, ndipo umazimirira pakatha mphindi 10 mpaka 20, tattoo n'kuonekanso ngati kale. Musakhumudwe nazo, kufufutika kumayamba kuoneka pakapita masabata atatu kapena anayi. Timadontho tamagazi tochepa timatha kuoneka, koma khungu kung'ambika kapena magazi kuchucha ndi chizindikiro chakuti mphamvu yachuluka. Auzeni aime.

Mukafika kunyumba, kulungani ayezi m'kansalu koyera, muziikapo mphindi 10 mpaka 15 n'kuchotsa, kangapo pa tsiku, masiku awiri oyambirira. Ayezi asakhudze khungu mwachindunji. Mkono muziuika pamwamba pa pilo kuti kutupa kuchepe. Tsukani kamodzi kapena kawiri pa tsiku ndi madzi aukhondo ndi sopo wosanunkhira, pukutani mongogunditsa, pakani Vaseline pang'ono, phimbani ndi bandeji yosamata pabala. Thonje ayi, limakanirira. Spirit, Jik, mankhwala otsukira mano, phulusa, zonsezi zisayandikire.

Matuza amatha kutuluka m'maola 8 mpaka masiku atatu. Musawaboole, khungu la pamwamba pa thuza ndiye chivindikiro cha balalo. Likakula kwambiri n'kumakoka, akalichotse madzi kuchipatala ndi singano yoyera. Nkhanambo ikabwera idzayabwa zedi, koma isiyeni igwe yokha, kawirikawiri pakati pa masiku 7 ndi 14. Kuitong'ola ndi chikhadabo ndi kumene kumabala chipsera ndi chigamba. Kusambira m'nyanja, mumtsinje kapena m'damu dikirani mpaka bala litatsekeka.

Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye bala likalowa tizilombo mudzadziwira zina: ululu ukukulirakulira pakatha masiku atatu m'malo mochepa, pamalopo pakutentha, mafinya, fungo, mwanabere m'khwapa kapena kutentha thupi. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Bala likapola, dzuwa ndiye mdani. Valani malaya a manja aatali kapena pakani mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50, chifukwa khungu lathu likapsa limakonda kuda kwambiri pamalo pomwepo. Kuda kotereku kumatha pakapita miyezi. Kuyera ndiye kumachedwa, kumatha kutenga chaka, ndipo nthawi zina sikubwerera. Mukaona pakuyera, musapitenso ku laser mpaka mtundu wa khungu utabwerera.

Kachere

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula m'maso. Nanga makirimu ofufutira tattoo amene akugulitsa pa intaneti, ndi timakina ta m'manja tokhala ngati cholembera? Palinso saluni ina imene ikuti ili ndi IPL pamtengo wotsika. Komanso achemwali anga ali ndi mphini zakuda pachifuwa, akufunsa ngati laser ingachotse.

Chitedze

Achimwene, zitatu zonsezo zisiyeni. Kirimu safika pamene pali inki. Amene amaoneka ngati akugwira ntchito amakhala ndi asidi, kawirikawiri TCA, amene amawotcha khungu mpaka kuchita chilonda, ndipo chotsala ndi chipsera chokhala ndi inki m'kati. Kukhula ndi mchere, asidi wa batire ndi kuwotcha ndi chitsulo mapeto ake ndi omwewo. Chipsera chikakhalapo, ngakhale laser yeniyeni imavutika kufika pa inki, maulendo n'kuchuluka.

IPL si laser. Ndi nyale yotulutsa kuwala kwa mitundu yosakanikirana, ndipo imayaka kwa ma millisecond, nthawi yotalika kuwirikiza ka 1 miliyoni poyerekeza ndi nanosecond. Inki siisweka, imangotentha n'kuphika mnofu woizungulira, melanin nayenso n'kumwa kuwala kochuluka. Pakhungu lakuda zotsatira zake ndi chilonda cha moto chotsata mpangidwe wa tattoo. Timakina ta m'manjato simungadziwe kuti tikutulutsa kuwala kotani ndi mphamvu yanji, ndipo diso lingawonongeke ndi kuthwanima kumodzi kokha. Fufuzani ngati pamalopo pali dokotala wolembetsedwa amene amayang'anira: ku Malawi ndi ku Medical Council of Malawi, ku South Africa ndi ku bungwe lolembetsa madokotala la HPCSA.

Za achemwaliwo: ngati chakuda cha m'mphinimo ndi makala kapena mwaye, 1064 imachiswa mosavuta, nthawi zambiri pa maulendo ochepa kuposa tattoo ya makina, chifukwa utoto wake ndi wochepa. Koma laser imachotsa mtundu wokha, mizere ya lumo imatsala. Aonetsetsenso kuti sanapakemo wonga wa mfuti, chifukwa umatha kuphulika m'khungu kuwala kukaugunda n'kusiya timaenje. Ndipo pachifuwa, pamapewa ndi pamsana cham'mwamba ndi malo amene keloid imakonda. Ngati mphinizo n'zotukumuka kale, akaonane kaye ndi dokotala wa khungu.

Njira ina ndi opaleshoni yodula kachikopa kali ndi tattoo n'kusoka. Imatheka pa tattoo yaing'ono, imasiya mzere wa chipsera. Masentimita 4 m'lifupi pamkono khungu lingakokeke kwambiri, sindingakulimbikitseni.

Nkhwazi

Ndibwererenso pa funso la maulendo, popeza ndalama zagona pamenepo. Tattoo ya makina imafuna maulendo 6 mpaka 12, ina kupitirira. Kafukufuku wa ku Italy wofalitsidwa mu 2012, pa anthu 352 othandizidwa ndi Q-switched, anapeza kuti pa maulendo 10 tattoo inatha kwa anthu 47 pa 100 alionse, ndipo pa maulendo 15 kwa anthu pafupifupi 75 pa 100. Zimene zinkachedwetsa ndi kusuta fodya, inki yochuluka, tattoo yoposa masikweya sentimita 30, yokhala kumiyendo ndi kumapazi, mitundu ina kupatula yakuda ndi yofiira, komanso kubwerera pasanadutse masabata 8. Kusuta kokha kunachepetsa mwayi wopambana pa maulendo 10 ndi pafupifupi 70 peresenti. Ngati mumasuta, yambirani pamenepo.

Yanuyo 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32, ili m'malire, ngakhale kuti zilembo sizidzaza malo onse. Pakhungu lanu siyani masabata 8 mpaka 12 pakati pa maulendo. Kufupikitsa sikufulumizitsa kanthu, chifukwa thupi limakhala lisanamalize kukokolola inki yosweka, khungu nalonso lisanachire. Werengani nokha: maulendo 10 otalikirana masabata 8 ali ndi mipata 9, ndiye ndi masabata 72, pafupifupi chaka ndi miyezi isanu, ndipo pa masabata 12 ndi zaka ziwiri zathunthu. Ngakhale zitayenda bwino, pamatha kutsala kachithunzithunzi kozimiririka ka dzinalo, makamaka ngati wojambula anakanikiza singano n'kusiya chipsera chimene inki ikubisa panopa. Yendetsani chala pa zilembozo mutatsinzina. Ngati mukumva kutukumuka, kumeneko kudzatsala.

Ngati chimene chikukupwetekani ndi dzinalo basi, maulendo atatu kapena anayi amakwana kulifufuta mokwanira kuti wojambula waluso aphimbepo china, bola khungu lipume kaye miyezi iwiri kapena itatu. Lipirani ulendo umodziumodzi mpaka mutaona zotsatira za kuyesa kuja, ndipo musanapite ulendo uliwonse jambulani mkonowo pamalo amodzimodzi, masana, lula ili pambali. Maulendo awiri otsatizana akadutsa osaona kusintha pazithunzizo, afunseni kuti akweza mphamvu kufika pati ndipo diso la kuwala akugwiritsa ntchito la milimita ingati.