Zochitika za pa 6 Julaye: ndiike ziti pa bolodi?

Mphunzitsi_Chinamwali: Akuluakulu, ndikukonza bolodi la kalabu ya mbiri pasukulu pathu pano, lonena zomwe zidachitika pa 6 Julaye m'zaka zosiyanasiyana. Za ufulu wa 1964 aliyense akuzidziwa. Ndi ziti zina zodalirika, za kuno ndi za kunja, ndipo ndisamale pati kuti ndisanamize ana?

Che Matawale: Aphunzitsi, yambani ndi zathu zomwe, ndipo muwauze anawo kuti sizidangokumana mwangozi. Muzu wake ndi 6 Julaye 1958, Lamlungu, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Tsikulo adachita kulisankha kuti likhale la ufulu mu 1964, kenaka la kukhala Republic mu 1966, pomwe Sir Glyn Jones adasiya udindo wa Governor-General ndipo Kamuzu adachoka pa unduna waukulu n'kukhala pulezidenti. Upulezidenti wamuyaya wa 1971 adaumangiriranso pa tsiku lomwelo.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa. Likulu linali Zomba ndithu mpaka 1975, koma mwambo wotsitsa mbendera ya Britain sudachitikire ku Zomba kuno. Udachitikira ku sitediyamu ku Blantyre, pakati pa usiku wa pa 5 kucha kwa pa 6, Prince Philip ali pomwepo. Chinanso, musasakanize ufulu ndi kutha kwa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Ngati mukufuna chaposachedwa, pa 6 Julaye 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adamwalira pakupondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe.

Mayi Nachisale: Za kunja zilipo zambiri, koma zakalekalezo zili ndi msampha wa kalendala. Jan Hus, wansembe wa Chicheki, adamutentha ku Constance, mzinda wa ku Germany, pa 6 Julaye 1415 chifukwa cha ziphunzitso zake zotsutsa akuluakulu a mpingo, ndipo ku Czech Republic tsikuli ndi tchuthi mpaka lero. Thomas More adamudula mutu ku London pa 6 Julaye 1535 atakana kuvomereza Mfumu Henry VIII ngati mutu wa mpingo wa ku England. Masiku onse awiriwa ndi a kalendala yakale ya Julian, osati yomwe yapachikika m'kalasi mwanu.

Kalendala ya Julian inkawerenga chaka ngati masiku 365 ndi kota, chomwe ndi chotalikirapo ndi mphindi pafupifupi 11. Mphindizo zikaunjikana zimakwana tsiku lathunthu pa zaka pafupifupi 128. Papa Gregory XIII adakonza izi mu 1582: anthu adagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. Angerezi adakana kaye, adadzalowa mu 1752, pomwe 2 Sepitembala idatsatidwa ndi 14 Sepitembala. Russia idachedwa mpaka 1918, n'chifukwa chake kusintha kwa boma komwe amati n'kwa Okutobala 1917 amakukumbukira pa 7 Novembala.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Zaka za m'ma 1400 onjezani masiku 9, za m'ma 1500 ndi 1600 masiku 10, za m'ma 1700 masiku 11, za m'ma 1800 masiku 12. Ndiye Hus akugwera pa 15 Julaye, More pa 16 Julaye. Ine ndingati lembani 6 Julaye monga mabuku onse amalembera, koma pansi pake muikepo kuti ndi kalendala yakale. Mukasintha tsiku osanena, mwana akakapeza zina m'buku adzati mudalakwitsa ndinu. Ndipo ana a Chikatolika angakutsutseni kuti More amamukumbukira pa 22 Juni. Sakunama, mpingo wawo udamuphatikiza ndi John Fisher yemwe adaphedwa tsiku limenelo. A Anglican ndiwo amasunga 6 Julaye.

Bambo Sadzi: Mayi afotokoza bwino. Ndiwonjezepo zitatu zopanda vuto la kalendala. Pa 6 Julaye 1885 ku Paris, Louis Pasteur adayamba kupereka katemera wa chiwewe kwa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu. Adalandira jakisoni 13 pa masiku angapo, ndiye lembani kuti "adayamba", osati "adachiritsa". Ichi chisasowe pa bolodi, poti agalu achiwewe ana athu amawadziwa. Pa 6 Julaye 1967 nkhondo ya Nigeria ndi Biafra idayamba, koma Biafra idali italengeza kale kudzipatula pa 30 Meyi. Pa 6 Julaye 1975 zilumba za Comoros zidalengeza ufulu kuchoka kwa France.

Che Matawale: Potsimikiza za kuno musavutike, National Archives ili mu Zomba momwemu. Pemphani Government Gazette ndi manyuzipepala a chakacho. Manyuzipepala a nthawi imeneyo sankatuluka tsiku ndi tsiku, choncho deti la pamwamba pa pepala si la chochitikacho. Werengani m'kati mupeze mawu ngati "Lolemba lapitali", muwerengere chammbuyo. 6 Julaye 1964 linali Lolemba, 1966 linali Lachitatu.