Za chipatala cha mayi aang'ono

Sisi a ku Area 25: Abale, mayi aang'ono tsiku lawo la kuchipatala ndi Lachinayi. Mu Mpamba muli K35,000 basi. Amene simunatumize mukudzidziwa.

Malume: Koma ma ARV ndi aulere. Boma linayamba kugawa mu 2004. Ndalamazi zikupita kuti?

Sisi a ku Area 25: Malume, kabaza wochokera kumudzi kukafika pa Linthipe ndi waulere? Ndiye mwezi watha anawauza kuti mankhwala a BP atha, akagule ku famase.

Achimwene a ku Joni: Ndinanena kale ine, tiwalowetse MASM, inshuwalansi ya zachipatala ija, tithane nazo. Kuno munthu amangoonetsa khadi.

Alamu anesi: Achimwene, MASM imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, osadumphitsa. Ife amene K10,000 ikutivutayi? Komanso kumudzi kuja chipatala cholandira khadi chili kuti? Azikwerabe kupita pa boma kapena ku Lilongwe.

Malume: Ndiye ndikunenazo. Zaboma ndi zaulere.

Azakhali: Mwadzuka bwanji nonse. Koma matenda a munthu mukuwalemba poyera chonchi? Muno muli ana ndi akamwini.

Sisi a ku Area 25: Eni ake anaulula okha pamaliro paja azakhali, palibe chobisa.

Azakhali: Chabwino. Ine ndangonena.

Alamu anesi: Kumbali ya kachilombo musadandaule. Atayezedwa magazi kanapezeka kogona, n'chifukwa chake amawapatsa a miyezi 6 nthawi imodzi, ndi Bactrim yemwe. Chikundidetsa nkhawa ndi BP. Munthu wa zaka zawo, wa BP, yemwenso akumwa ma ARV a TLD, ayenera kumayezetsa impso. Ku zipatala za mishoni ngati Nkhoma kapena Mua ma ARV salipiritsa, koma zinazo ndi ndalama. Pamenepo ndi pofunika thumba lathuli.

Chimwemwe: Pepani ndadula nkhani, alipo akudutsa pa Bembeke mawa? Ndikufuna ndowa ya kachewere.

Achimwene a ku Joni: Eee kachewere wakwathu! Ikupita bwanji ndowa pano?

Chimwemwe: Musafunse, mungalire 😂 Feteleza wake ameneyu.

Malume: Chaka chino dzina langa silinatulukenso.

Sisi a ku Area 25: Tibwerere ku nkhani chonde. Atumiza ndi alamu, Chimwemwe ndi ine. Achimwene, ma randi aja akadali pa Mwanza?

Achimwene a ku Joni: Lachisanu ndikalandira. Koma ulendo uno pakhale kabuku. Za chiliza cha agogo zija sitinaonepo chilichonse.

Azakhali: Zimenezo musaziyambe.

Malume: Akunena ndani? Atchule dzina.

Sisi a ku Area 25: Lachisanu mayi atapita kale? Ndipo Junior ndikukuona ukuwerenga, timizere tako tikuchita buluu.

Chimwemwe: Junior watuluka pagulu 🙆🏾

Malume: Mwaona? Mukuthamangitsa ana chifukwa cha ndalama za mankhwala aulere.

Alamu anesi: Malume, ingokumbutsani mayi asaiwale buku la kuchipatala ndi mabotolo otsala, amawerenga mapilitsi. Sisi, ndawonjezera K5,000, onani.

Sisi a ku Area 25: Yalowa. Nanga awaperekeza ndani? Ulendo watha anachita chizungulire pamzere.

Azakhali: Ndipita ine, koma wa kabaza mumulipire mitu iwiri.