Mwana wa mlongo wanga wayamba kuyenda ndi gulu lokayikitsa ku Mabvuku mu Harare, ndichitenji?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ndine malume wa mnyamata wa zaka 14, mwana wa malemu mlongo wanga, ndipo mwa mwambo wathu udindo womulera uli pa ine. Ali mu Fomu 2 pa sukulu ina imene ana amalowa mosinthana chifukwa cha kuchepa kwa zipinda zophunziriramo, ena m'mawa, ena masana. Ine ndi mayi a kunyumba timalawirira mbandakucha kukagwira ntchito m'tauni, choncho theka la tsiku mwanayu sakhala m'manja mwa mphunzitsi kapena mwa kholo.

Nthawi imeneyo ndiyo ikundisowetsa tulo. Anansi amamuona pa siteji ya makombi (maminibasi) pamodzi ndi anyamata oitanira, ndipo ena mwa iwo amadziwika kuti amasuta mutoriro, mankhwala ozunguza bongo, ndi kumwa BronCleer, mankhwala a chifuwa aja. Sindinamugwirepo ndi kanthu, koma nsapato za msuweni wake zasowa m'nyumba, ndipo kope lake la masamu likadali loyera chiyambire teremu ino.

Achibale akuti ndimukwapule kapena ndimutumize kwa agogo ake ku Dedza. Ine sindikukhulupirira kuti mwana wobadwira mu Harare, amene Chishona chimamuyenda pakamwa kuposa Chichewa, angawongoke pongomuchotsa pamaso pathu. Kodi inu amene ana anu amaphunzira mosinthana chonchi, mumagwirizana bwanji ndi sukulu kuti mwana asasowe womuyang'anira?

Yankho loyamba: Bambo, ine ndine mphunzitsi. Musayembekezere kuti sukulu imukwapula, chifukwa lamulo la maphunziro la Zimbabwe limene linakonzedwanso mu 2020 linaletsa chikwapu. Pitani nokha, osatuma munthu, mukapemphe kuona kaundula wa kalasi yake, popeza mwana amayamba kujomba asanayambe kuba. Mukasiyenso nambala yanu kwa mphunzitsi wa uphungu kuti azikuimbirani tsiku lomwelo akajomba. A Childline, bungwe lothandiza ana, amapereka uphungu kwaulere pa nambala ya foni ya 116.

Yankho lachiwiri: Malume, musanamufunse za nsapato, mufunseni za mayi ake, chifukwa mwina maliro aja sanamuchoke mumtima. Kwathu ku Tafara ana a masana timawasonkhanitsa pa khonde la mayi wina wopuma pa ntchito, amalemba homuweki mpaka nthawi yonyamuka, ndipo makolo timasonkha kangachepe ka tiyi ndi buledi.